Kodi ndingaumitse bwanji zidutswa za mitengo yosemera kuti zisang'aluke?

Wosema wa ku Ulónguè analemba:

Moni akuluakulu ndi amisiri nonse amene mumawerenga pano. Ine ndimakhala kufupi ndi Ulónguè m'boma la Angónia, ndipo pambali pa ulimi wa chimanga ndi kachewere ndimasema tinthu ting'onoting'ono monga zipande, mithiko, zipeso, timbale toikamo mchere ndi tiziboliboli ta nyama. Mitengo imene ndimasema si yogula kwa ogulitsa matabwa. Ndimatola nthambi za mango ndi magwafa zimene anthu asadza pakhomo, zotsala za mlombwa zimene ocheka matabwa amasiya m'tchire, ndipo mwa apo ndi apo ndimapeza kachidutswa ka mbawa kapena muwanga. Zambiri mwa zidutswazi ndi zazifupi, zosapitirira theka la mita, ndipo kunenepa kwake kumakhala pakati pa masentimita 8 ndi 20.

Vuto langa ndi ming'alu. Chidutswa chikangoyamba kuuma, kumapeto kwake kumabuka ming'alu yochokera pakati penipeni kupita ku khungwa, ndipo ina imalowa mozama kotero kuti pa chipika chimene chikanatulutsa mbale ziwiri sipatsala malo osemapo ngakhale imodzi. Zina zimaoneka zabwino ndithu pamene ndikusema, koma chinthucho chimadzang'aluka chili kale m'manja mwa wogula, zimene zimachititsa manyazi komanso kuwononga mbiri ya ntchito. Mango ali ndi vuto lake lapadera: amachita madontho akuda ndi nkhungu, ndipo pakapita miyezi pansi pake pamagwa ufa wosalala wochokera m'timabowo ta tizilombo.

Ndikupempha nzeru pa zinthu izi. Kodi ndi bwino kusema mtengo uli wauwisi n'kuumitsa chinthucho pambuyo pake, kapena kudikira kuti chipika chiume kaye? Nanga khungwa ndilichotse kapena ndilisiye? Ndipo popeza ndilibe chipangizo choyezera chinyezi, ndingadziwe bwanji kuti mtengo wauma mpaka m'kati? Chimene chandichititsa kufunsa tsopano n'chakuti m'bale wanga amene amagulitsa pamsika mumzinda wa Tete akufuna kuti ndizimutumizira katunduyu, ndipo nonse mukudziwa mmene kumatenthera kumeneko poyerekeza ndi kuno kumapiri.

Mmisiri wachikulire wa ku Furancungo anayankha:

Achimwene a ku Ulónguè, mwafunsa bwino, ndipo ndiyambe ndi chimene chimabweretsa ming'aluyo, chifukwa mukachimvetsa zina zonse zitsatira zokha. Mtengo suuma mofanana mbali zonse. Timitsempha take timayenda chotalika, kuchokera ku tsinde kupita kunsonga, motero pamene mwadula mwatsegula makomo onse nthawi imodzi, ndipo madzi amathawira kumeneko mofulumira kwambiri kuposa m'mbali. Kumapeto kukauma kumafuna kufota, koma m'kati mukadali modzaza madzi ndipo simulola, ndiye kumapetoko kumang'ambika, monga mmene dothi la m'dambo limang'alukira pamwamba mu Okutobala pansi pake pakadali chinyontho. Choncho ntchito yanu si yofulumizitsa kuuma ayi. Ntchito yanu ndi yochedwetsa kumapeto kuti kuyendere limodzi ndi m'kati.

Matani kumapeto konse kuwiri tsiku lomwelo mtengo wadulidwa, ngati n'kotheka dzuwa lisanapendeke. Phula la njuchi losungunula ndi labwino koposa, ndipo kuno m'boma la Macanga silisowa kwa ofula uchi. Makandulo osungunula amagwiranso ntchito, ngakhale kuti pa mtengo wonyowa kwambiri nthawi zina amakakatuka, choncho muziyang'anira. Guluu woyera wa akalipentala wopaka kawiri, kapena penti yamafuta yotsala m'chitini, nazonso zimathandiza. Ngati nthambi mwaipeza itadulidwa kale ndipo yayamba ming'alu, musamate pamwamba pa mng'alu, chifukwa udzapitirirabe pansi pa phulalo. Chekani kagawo kopyapyala kumapetoko n'kukapinda ndi manja. Kakathyoka potsata mzere, ndiye kuti mng'alu ukadalipo ngakhale maso sakuuona, ndipo muchekenso mpaka mutapeza kagawo kolimba. Muzidulanso chidutswa motalikirapo ndi masentimita 5 mbali iliyonse kuposa chinthu chimene mukufuna kusema, kuti mudzakhale ndi potaya.

Chachiwiri, ndipo ichi amisiri achinyamata amachikana chifukwa amamvera chisoni chipika chozungulira bwino, ndicho kuwaza chipikacho pakati. Chipika chathunthu chokhala ndi kamtima kake sichilephera kung'aluka, kaya muchimate motani. Chiwazeni ndi nkhwangwa ndi zikhomo zamtengo, kapena muchicheke ndi sowo, podutsa pa kamtimako, kenako mupale kamtimako kachokeretu, pafupifupi masentimita 2 mbali iliyonse. Mbale, chipande ndi chipeso zonse zimatuluka bwino m'theka la chipika. Ngati chiboliboli chanu chikufuna chipika chathunthu, boolani dzenje kuchokera pansi potsata kamtimako, kapena chekani mzere umodzi wozama kumbuyo kumene anthu sadzayang'ana, kuti mtengo ukafuna kutseguka utsegukire pamalo pamene mwasankha inu.

Za khungwa ndilibe yankho limodzi. Khungwa limachedwetsa kuuma kwa m'mbali, zomwe n'zabwino m'nyengo yotentha, komanso ndi mmene tizilombo timakonda kuikira mazira. Pa mango ndi magwafa ine ndimalichotsa msanga. Pa mlombwa ndimachotsa khungwa pamodzi ndi mbali yoyera ya kunja ija, chifukwa tizilombo timadya yoyerayo n'kusiya yofiirira ya m'kati, ndipo mlombwa ndi mtengo wofatsa umene sufota kwambiri ngakhale uuvule choncho. Mbawa ndi muwanga ndimazisiyira khungwa kwa masabata oyambirira, kenako ndimalisenda.

Malo abwino amene alimi a kwathu ndi a kwanu ali nawo kale ndi chigafa cha fodya, fodyayo akachokamo. Muli mthunzi, mphepo imadutsa mosawomba mwamphamvu, ndipo denga laudzu silitentha ngati malata. Konzani thandala lotalikirako kuchokera pansi chifukwa cha chiswe, sanjani zidutswazo mosagundana, ndipo pakati pa mzere ndi mzere muikepo timitengo touma topyapyala kuti mpweya uzipita. Musayanike padzuwa, musaike pafupi ndi malata, ndiponso musagoneke pasimenti chifukwa mbali yapansi imakhala yonyowa ya pamwamba ikuuma. Nthawi yabwino yodula ndi kuyambira Meyi mpaka Julayi, pamene madzi a mtengo atsika ndipo kukuzizira. Pofika kutentha kwa Okutobala chidutswa chimakhala chitadutsa kale pa nthawi yake yoopsa.

Mphunzitsi wa ukalipentala mumzinda wa Tete anayankha:

Bambo a ku Furancungo anena zoona pa zonse zokhudza kumata ndi kuwaza, ndipo ine ndingowonjezera manambala, chifukwa funso la mmene mungadziwire kuti mtengo wauma limayankhidwa bwino ndi sikelo kuposa maso kapena khutu.

Mu mtengo wauwisi muli madzi a mitundu iwiri. Ena amangokhala m'timibulu ta m'kati mwa timitsempha, ndipo amenewa amatuluka poyamba osasintha kukula kwa mtengo. Ena analowerera m'makoma a timitsemphato, ndipo amayamba kutuluka oyamba aja akatha, pamene chinyezi chatsika kufika pafupifupi 30 peresenti. Kufota konse kumayambira pamenepa. Vuto n'lakuti kunja kwa chidutswa kumatsika pansi pa 30 peresenti m'masiku ochepa pamene m'kati mungakhale mukadali 50 kapena 60, ndipo kukokana kumeneku ndiko kumabala ming'alu. Kumapeto kodulidwa kumataya madzi mofulumira kuwirikiza ka 10 kapena kuposerapo poyerekeza ndi m'mbali, n'chifukwa chake chidutswa chachifupi chimavuta kuposa thabwa lalitali: pa chidutswa cha masentimita 30, palibe malo amene ali kutali ndi kumapeto.

Palinso chifukwa china chimene chipika chathunthu chimang'alukira. Mukayang'ana podulidwa mumaona mizere yozungulira. Mtengo umafota potsata mizere yozungulirayo pafupifupi kawiri kuposa mmene umafotera kuchokera pakati kupita ku khungwa, pamene m'litali sufota n'komwe moti munthu n'kuzindikira. Ndiye kuti mkombero wa chipika umafuna kuchepa kwambiri kuposa mmene m'kati mungalolere, ndipo njira yokha yotsala ndiyo kutseguka. Theka la chipika lili ndi mpata wopindika pang'ono m'malo mong'ambika. Phula silingathetse zimenezi, koma nkhwangwa.

Tsopano za sikelo. Sikelo ya m'khitchini yowerenga magalamu ndi yokwanira, ndipo ngati mulibe, ya wogulitsa nyemba kapena shuga pamsika ingathandize pa zidutswa zokulirapo, bola muzigwiritsa ntchito sikelo imodzimodziyo nthawi zonse. Lembani ndi pensulo pa chidutswa chilichonse tsiku ndi kulemera kwake, ndipo muziyeza kamodzi pa sabata. Poyamba kulemera kumatsika mofulumira, kenako pang'onopang'ono. Mukayeza maulendo atatu kapena anayi otsatizana osaona kusintha, chidutswacho chafanana ndi mpweya wa pamalo pamene chili. Ngati mukufuna kudziwiratu pamene chidzaimire, chekani kachidutswa kakang'ono ka pakati pa chipika chomwecho, mukayeze, kenako mukaumitse mu uvuni wotentha madigiri opitirira pang'ono 100 mpaka kulemera kwake kutasiya kutsika. Tiyerekeze kuti kanali magalamu 200 ndipo katsika kufika 125. Madzi anali magalamu 75, ndipo 75 kugawa ndi 125 ndi 60 peresenti. Choncho chidutswa chachikulu cha magalamu 2,000 chochokera pa chipika chomwecho chili ndi mtengo weniweni wa magalamu 1,250, ndipo chikadzafika pa chinyezi cha 12 peresenti chidzalemera magalamu 1,400. Mukaona kuti chikadali pa 1,600, musachikhulupirire ngakhale kunja kukuoneka kouma ndipo chikulira bwino mukachigogoda.

Nkhani yotumiza katundu kuno kuchigwa ndiyo yandichititsa kuti ndilembe, chifukwa ndimaona mbale ndi ziboliboli zochokera kumapiri zikutseguka zili pa tebulo la wogulitsa. Mtengo suuma kamodzi n'kukhala choncho mpaka kalekale. Umamwa ndi kutaya chinyezi motsatira mpweya. Pamene chinyezi cha mumpweya chili 80 peresenti, chinyezi cha mtengo chimakhazikika pafupifupi pa 16 peresenti. Pa 65 chimakhazikika pa 12. Pa 30 chimatsika mpaka pafupifupi 6. Ulónguè ili pamtunda wopitirira mamita 1,200 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene mzinda wa Tete uli m'mphepete mwa Zambezi pamalo osafika mamita 200, ndipo mu Okutobala ndi Novembala kutentha kuno kumapitirira madigiri 40. Mbale imene yasiya kutsika pa sikelo kwanuko mu Febuluwale, mvula ili pakati, ikadali ndi madzi ambiri oti idzataye ikafika kuno m'chilimwe, ndipo idzawataya m'masiku owerengeka ili padzuwa la pamsika. Ndikulangizani kuti katundu wa kuno muzimumalizitsa kuuma m'miyezi ya Sepitembala ndi Okutobala, masabata omaliza mukumusunga m'nyumba mouma, ndipo m'bale wanuyo azimuyala pamthunzi. Komanso pa chiboliboli musasiye tsinde lochindikala pansi pa miyendo yopyapyala. Ligobeni mkati kuchokera pansi kuti kuchindikala kukhale kofananako.

Mabuku a kumayiko ozizira amati muziwerengera chaka chimodzi pa masentimita 2.5 alionse a kuchindikala. Kwathu kuno mitengo yopepuka imauma msanga kuposa pamenepo, koma dziwani kuti kuchindikala kukawirikiza kawiri, nthawi siwirikiza kawiri kokha, imatha kuwirikiza katatu kapena kanayi. Ichi ndi chifukwa chinanso chochepetsera chidutswa kufika pa msinkhu umene mukufuna musanachiike pathandala.

Pa mfundo imodzi yokha ndisiyana pang'ono ndi bambo athu, mwaulemu wonse. Nthawi ya Meyi mpaka Julayi ndi yabwinodi, koma osati chifukwa chakuti madzi a mtengo atsikira kumizu. Mtengo wamoyo umakhala wonyowa m'kati chaka chonse, ndipo mukauyeza pa sikelo m'chisanu mudzapeza kuti uli ndi madzi ambiri ndithu. Chimene chimathandiza ndi nyengo: kulibe mvula yobweretsa nkhungu, ndipo kuzizira kumachedwetsa kuuma kwa masabata oyamba. Ndanena izi kuti wina asaganize kuti mtengo wodulidwa mu Juni sufunika kumata.

Mayi wosema zipande ku Zóbuè anayankha:

Abambo awiriwa afotokoza za kuumitsa chipika, koma pa zipande, mithiko ndi timbale ine sindiona chifukwa chodikira miyezi yambiri chipika chili pathandala. Pakhomo pathu timasema mtengo uli wauwisi. Kasemasema ndi mpeni zimalowa mosavuta, manja satopa, ndipo chinthu chopyapyala chimauma m'masabata ochepa popanda kung'aluka chifukwa kunja ndi m'kati siziri patali. Chofunika ndi kusema kawiri. Ulendo woyamba mumangotulutsa maonekedwe ake n'kusiya mochindikala, ndipo kuchindikalako kukhale kofanana paliponse, m'mbali ndi pansi pomwe. Pa mbale, muyezo wabwino ndi gawo limodzi mwa magawo 10 a kukula kwa kukamwa kwake: mbale ya masentimita 20 isiyidwe yochindikala masentimita 2. Pouma idzapindika n'kukhala yobulungira motalikirako, ndipo kuchindikala kuja ndiko kumakupatsani mpata woiwongola pa ulendo wachiwiri. Kusalaza ndi sandipepa kudikire mpaka itauma.

Mukasema koyamba, ikani chinthucho m'katoni kapena m'thumba lapepala pamodzi ndi tizibenthu take tomwe, ndipo muchisunge pakona pozizira m'nyumba. Masiku oyamba muzitsegula tsiku lililonse, ndipo tizibenthuto tikayamba fungo la chuku mutitaye n'kuikamo touma. Thumba lapulasitiki ndi lothandiza pokhapokha ngati mwalekeza ntchito madzulo ndipo mudzapitiriza mawa. Mukasiyamo mango kwa sabata, mudzawapeza ali ndi madontho akuda aja mukudandaula nawo, ndipo madonthowo amalowa m'kati moti sachoka ndi mpeni.

Pa mango, njira imene yatithandiza kwambiri ndi kuphika. Mukasema koyamba, mumize chinthucho mumphika wa madzi, muchitsendereze ndi mwala kuti chisayandame, ndipo chiwire pafupifupi ola limodzi pa masentimita 2.5 alionse a kuchindikala. Chizizire chili m'madzi momwemo, kenako chikhetse madzi pamthunzi tsiku limodzi kapena awiri musanachiike m'katoni. Kutenthako kumapha mazira ndi mphutsi zimene zimadzatulutsa ufa uja, ndipo taona kuti zophikidwa sizing'aluka kawirikawiri ngati zosaphika. Mlombwa musauphike ngati mukufuna mtundu wake, chifukwa kufiira kwake kumasungunukira m'madzi, ndipo mtengowo ndi wosavuta kale.

Chinthu chimodzi chimene ndikupempha amisiri aamuna kuti muzichikumbukira n'chakuti zinthuzi zimalowa mumphika wa nsima ndi m'kamwa mwa ana. Ndimaona ena akupaka oilo wakuda wa galimoto pa zidutswa pofuna kuthamangitsa chiswe ndi kutseka kumapeto. Pa mzati wa khola zingatheke, koma oiloyo amalowerera kutali potsata timitsempha, ndipo mthiko wosemedwa pamenepo si woyenera kukhudza chakudya. Kumapeto kopakidwa penti nakonso kudulidwe n'kutayidwa musanayambe kusema. Mwavi ndi nkhadze zisayandikire n'komwe ziwiya za m'khitchini. Pomaliza ntchito ife timapaka phula la njuchi lofunditsa; mafuta ophikira amaoneka bwino tsiku loyamba koma pakapita nthawi amachita fungo loipa.

Wosema wa ku Ulónguè analembanso:

Zikomo kwambiri bambo a ku Furancungo, aphunzitsi ndi inu mayi a ku Zóbuè. Chigafa ndili nacho, ndipo sikelo ndibwereka. Ndaona kuti malangizo anu sakutsutsana: ziwiya zopyapyala ndiziseme zauwisi, ndipo zidutswa za ziboliboli ndiziwaze, ndimate, zidikire. Ndili ndi mafunso ena awiri. Makolo athu ankasomeka mipini ya makasu ndi mithiko kudenga la khitchini pamwamba pa moto, ndipo sindikumbukira kuti zinkang'aluka. Kodi njira imeneyi ndi yoipa pa zidutswa zosemera? Ndamvanso kuti ena amaumitsa tizidutswa mu microwave, chipangizo chamagetsi chotenthetsera chakudya, ndipo m'bale wanga wa ku Tete ali nayo. Funso lina n'lakuti munthu wina wochokera kuchigwa akufuna kundigulitsa zidutswa za phingo ndi tsanya, mitengo imene sindinaisemepo. Kodi nayonso imauma mofanana ndi mlombwa?

Wosema ziboliboli wa ku Moatize anayankha:

Achimwene, phingo ndi tsanya musaziike m'gulu limodzi ndi mlombwa. Mlombwa wouma umalemera makilogalamu pafupifupi 600 pa kiyubiki mita, pamene phingo limafika 1,200 kapena kuposerapo, ndipo tsanya nayenso amapitirira 1,000. Zonse ziwiri zimamira m'madzi. Mtengo wothinana choncho umatulutsa madzi mochedwa kwambiri, ndipo ukakakamizidwa umang'aluka timing'alu tosaoneka msanga pa thupi lakuda lija, timene timadzaonekera mutapukuta kale. Mafakitale a ku Ulaya amene amapanga zitoliro za clarinet ndi oboe kuchokera ku phingo amagula tizidutswa tomatidwa phula kumapeto n'kutisunga zaka zingapo asanatigwiritse ntchito, chonsecho tizidutswato n'tochepa kuposa zimene inu mukufuna kusema. Apa muyezo wa chaka chimodzi pa masentimita 2.5 umene aphunzitsi atchula si wokokomeza, ndipo nthawi zina umachepa.

Pa mitengo iwiriyi musachotse mbali yoyera ya kunja pa nthawi youmitsa, chifukwa ndiyo imateteza yakuda kapena yofiira ya m'kati kuti isaume mwadzidzidzi. Matani phula lochindikala kumapeto ndi pamfundo paliponse pamene panadulidwa nthambi, ndipo miyezi yoyamba zikhale m'chipinda chotsekeka, zofunditsidwa ndi chiguduli chouma, osati m'chigafa mopita mphepo. Musanagule, yang'anitsitsani pakati pa chidutswa, chifukwa phingo nthawi zambiri limakhala ndi mphako kapena mng'alu wa mumtima umene unayamba mtengo ukadali chiimire. Chidutswa chimene chagona nthawi yaitali padzuwa la kuno chimaoneka chouma bwino, koma muchekeko kagawo monga anenera bambo a ku Furancungo. Mukayamba kusema, musamalize tsiku limodzi: semani pang'ono, pakani phula pamene mwatsegula, mupumitse masiku angapo.

Mufunsenso kumene mtengowo wachokera. Malamulo a nkhalango a 2002 anaika phingo m'gulu la mitengo yamtengo wapatali, ndipo mlombwa, mbawa ndi msambamfumu anaziika m'gulu loyamba. M'mapepala a boma mudzazipeza ndi mayina akuti pau-preto, umbila, umbaua ndi chanfuta. Kudula mtengo wogwiritsa ntchito pakhomo ndi kudula wogulitsa n'zosiyana pamaso pa lamulo, ndipo popeza inu mukupita ku malonda, pitani ku ofesi ya SDAE ya boma lanu, yoona za chuma monga ulimi ndi malonda, mukafunse zimene zikufunika masiku ano. Phingo lili pansi pa mgwirizano wa mayiko wa CITES, woyang'anira malonda a zomera ndi nyama zimene zili pangozi yotha, kuyambira 2017, ndipo mlombwa, mbawa ndi msambamfumu zinalowamo mu 2023, choncho musawoloke malire a Malawi ndi zipika pa Calómuè kapena pa Zóbuè popanda mapepala. Ine tsanya wambiri ndimamupeza kwa ootcha makala, amene amataya mfundo ndi mphanda zimene sizilowa bwino mu uvuni wawo. Zimandiwawa kuona mtengo umene unatenga zaka zochuluka chonchi kuti ukule ukusanduka thumba la makala, ndipo ndimaona kuti chidutswa chilichonse chimene tapulumutsa n'choyenera kuchidikirira mpaka chiume bwino.

Mphunzitsi wa ukalipentala mumzinda wa Tete anayankhanso:

Pa nkhani ya denga la khitchini, makolo sankalakwitsa, koma taonani zimene ankasomekazo. Mpini ndi mthiko n'zopyapyala, zinali zitasemedwa kale, ndipo nthawi zambiri zinkapita kudengako zitafota kaye pamthunzi. Utsi unkathamangitsa tizilombo, ndipo denga laudzu linkatentha pang'ono chabe. Choncho malowo ndi abwino pomalizitsa kuumitsa chinthu chimene chasiya kutsika msanga pa sikelo, makamaka katundu amene mukufuna kutumiza kuno kuchigwa. Chidutswa chauwisi cha masentimita 15 mukachikweza pamenepo chidzatseguka sabata isanathe, ndipo m'khitchini yamalata ndiye msanga kuposa pamenepo. Mukumbukirenso kuti mwaye umadetsa mango ndi magwafa, choncho zimene mukufuna kuti zikhale zoyera muzikulunge m'pepala.

Microwave imagwira ntchito pa tinthu tating'ono tosemedwa kale, monga chipeso kapena kachipande, chifukwa imatenthetsa madzi a m'kati mwenimweni. Ikani pa mphamvu yochepa kwa theka la mphindi kapena mphindi imodzi, mutulutse, kazizire kotheratu, muyeze pa sikelo, kenako mubwereze mpaka kulemera kutasiya kutsika. Kakhale kofunda moti mungathe kukagwira m'manja. Kakakuotchani ndiye kuti mwapitirira. Kuopsa kwake n'kwakuti mtengo umatha kupsa m'kati kunja kukuoneka bwino, ndipo ungayambe kufuka utsi mutauika kale pambali, choncho musachoke pamalopo ndipo muuike pasimenti kutali ndi nsalu kufikira utazizira. Phingo ndi tsanya musaziyese n'komwe, chifukwa nthunzi imasowa potulukira n'kung'amba mtengo m'kati, ndiponso chidutswa chomatidwa phula kapena penti chisalowemo. Fungo la mtengo limatsalira m'chipangizocho kwa nthawi yaitali, motero mugwirizane kaye ndi eni khitchini musanayambe.